Tiyeni Tikwere Michiru Opanda Mtolo Pamutu

Amayi anzanga, nditafunsa kuti ndani mwa ife sadziwa kuyenda, ndikhulupirira kuti nonse mungaseke. Mkazi wa kuno kwathu amayamba maulendo akali kamtsikana: kumadzi ndi ndowa, kuchigayo ndi thumba la chimanga, kunkhuni ndi nkhwangwa, ndipo akakula kusikelo ndi mwana kumsana, kumaliro ndi mbale ya ufa m'manja. Mapazi athu ang'ambika ndi njira zimenezi. Komatu funso langa lenileni ndi ili: ndi angati mwa ife amene anayendapo ulendo popanda nkhata pamutu, popanda womutuma, popanda kuthamangira mphika umene wausiya pamoto?

Ine ndine mmodzi wa otsogolera gulu la amayi m'dera lina la mzinda wa Blantyre. Timakumana kamodzi pa mlungu kuchita za banki m'khonde ndi kuphunzitsana zosokasoka. Zaka zapitazi ndakhala ndikuona kuti nkhani zathu zasintha. Kale tinkakamba za mitengo ya katundu ndi fizi ya ana. Tsopano aliyense akudandaula mawondo, mutu, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. Chifukwa chake n'chosabisika. Ife a m'tauni tinasiya maulendo aatali a kumudzi, ndipo ambiri timakhala tsiku lonse pabenchi ya geni, kuchokera pamenepo n'kukwera minibasi kapena kabaza mpaka pakhomo. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti munthu wamkulu aziyenda ndawala kapena kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo anamwino athu amatiuza zomwezo nthawi zonse akatiyeza magazi. Timavomera ndi mutu, tikatuluka panja n'kuiwala.

N'chifukwa chake tsiku lina ndinapempha anzanga kuti tikakwere phiri la Michiru. Mayankho awo sindidzawaiwala. Wina anati, "Kuphiri kukatani, amayi? Kwagwa maliro?" Wina anati zimenezo n'za azungu ndi ana a sukulu. Mayi wina wachikulire, amene timamulemekeza kwambiri, anati iye anakwera mapiri okwanira ali mtsikana pofuna nkhuni, ndipo saona chifukwa chobwererako wopanda chingwe. Panalinso ena amene anangokhala chete, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za abambo kunyumba, amene sangamvetse kuti mkazi wokwatiwa achoke m'mawa Loweruka n'kukabwera madzulo manja ali lende.

Mawu a mayi wachikulire aja ndiwo anandipatsa maganizo koposa. Zoonadi, phiri timalidziwa, koma timalidziwa monga malo a thukuta. Wosenza mtolo sayang'ana kumwamba; maso ake amakhala pansi kuopa kupunthwa, ndipo mtima wake umakhala pa alonda a nkhalango. Kotero munthu angathe kukwera phiri limodzi zaka makumi awiri osadziwa maonekedwe ake.

Michiru ali kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, pafupifupi makilomita 8 kuchokera pakati pa tauni, ndipo nsonga yake ndi yotalika mamita 1,470 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere. Boma linalikhazikitsa kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1975. M'munsi mwake muli Chilomoni ndi Chirimba, ndipo kumadera onse awiri kumapita maminibasi ochokera m'tauni tsiku lililonse. Mukatsika pa siteji yomaliza, mtunda wotsala kuti mufike m'tsinde mwa phiri ndi woyenda pansi, kapena wa kabaza kwa amene akufuna kusunga mphamvu. Safunika galimoto ya bwana, safunika tchuthi cha mlungu wathunthu. Ndalama imene mumalipira popita ku msika wa m'tauni ndi kubwerako, yomweyonso ikufikitsani pamenepo.

Ulendo woyamba tinapita amayi asanu ndi atatu okha, ndipo tinasankha njira yofupika. Pamwamba pa Chilomoni pali Njira ya Mtanda, imene Akhristu a mpingo wa Katolika amakwera popemphera, makamaka m'nyengo ya Lenti, ndipo imakathera pa mtanda waukulu woonekera kutali. Gulu lathu ndi la mipingo yosiyanasiyana, ndipo mulinso amayi achisilamu, koma tonse tinagwirizana kuti njirayi ndi yabwino poyambira popeza ndi yodziwika, ndipo ili ndi malo ambiri opumira. Tinayenda mwaulemu, osasokoneza opemphera. Titafika pamwamba ndi kutembenuka, amayi anayamba kuloza: uko ndi kwathu, uko ndi kuchipatala, msewu uwo ndi wopita ku Chileka. Mayi wina amene wakhala mu Blantyre chikwatiwireni anati aka kanali koyamba kuona mzinda wonse nthawi imodzi, ndi kuzindikira kuti nyumba imene imamusowetsa tulo ndi lendi ndi kadontho chabe pakati pa malata osawerengeka.

Ulendo wachiwiri, m'mwezi wa Julayi, tinalipo khumi ndi anayi, ndipo tinalinga kunsonga kwenikweni. Tinatenga wotiperekeza wodziwa njira, pakuti safunsa anadya phula, ndipo m'phiri muli tinjira tambiri ta otola nkhuni timene tingasocheretse mlendo. Ife tinatha maola atatu pokwera, tikupuma kawirikawiri. Achinyamata amafika msanga kuposa apo, koma ife sitinali pa mpikisano.

M'njira monsemo amayi amene anakulira kumudzi anasanduka aphunzitsi athu. Anatisonyeza msuku, umene zipatso zake zimapsa mvula ikayandikira, ndiponso mombo, umene khungwa lake limatipatsa luzi, ndi mlombwa wotuluka utomoni wofiira ngati magazi. Mayi wachikulire uja, amene poyamba anakana, ndiye anali patsogolo kutchula maina, ndi kutiuza mtengo umene agogo ake ankaphika masamba ake mwana akatsegula m'mimba. Anatifotokozera kuti bowa wa m'thengo, monga manyame, samera paliponse ayi. Amamera pansi pa mitengo yachilengedwe yokhayokha chifukwa moyo wake umadalira mizu ya mitengoyo. N'chifukwa chake simupeza manyame m'munda wa bulugamu, ndipo nkhalango ikatha ndiwo imeneyi imatha nayo pamodzi. Ana athu obadwira m'tauni amaona bowa m'mbale pamsika, osadziwa kumene achokera. Tinamvanso nkhwali zikulira m'udzu, ndipo patali pamiyala tinaona anyani akutiyang'ana monga eni malo odabwa ndi alendo ovala zitenje.

Pansonga pamawomba mphepo yozizira, ndipo tsiku lopanda nkhungu maso amafika kutali zedi. Chakumpoto mumaona bwalo la ndege la Chileka, chakumadzulo dziko limatsetsereka kulowera ku mtsinje wa Shire, ndipo kum'mawa kumaoneka mapiri a Zomba ndi Mulanje ali bii ngati mitambo. Tinayala zitenje, n'kutulutsa mbatata yophika, nthochi ndi thobwa. Palibe anaitanidwa kuti akapatse mwana madzi, palibe anadzuka kukasonkhezera moto. Mayi wina anati chikwatiwireni sanadyepo chakudya atakhala pansi mpaka kumaliza popanda womudzutsa, ndipo tonse tinaseka, ngakhale kuti mawuwo sanali oseketsa kwenikweni.

Koma pamwamba pomwepo pali zinanso zimene maso sangazithawe, ndipo ndizo zandichititsa kulemba nkhani ino. Mukayang'ana Ndirande mumaona phiri lometedwa mpala. Ine ndikukumbukira ndili mtsikana phiri limenelo lili ndi mitengo yambiri, ndipo inatha m'zaka za m'ma 1990, anthu akudula usana ndi usiku. Mukayang'ana Soche mumaona zipsera. M'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika m'phiri limenelo n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mvula imeneyo inali yoopsa, ndipo palibe anganene kuti mitengo yokha ikanaletsa zonse. Komabe tonse tikudziwa kuti mizu ndiyo imagwira dothi, ndipo phiri lopanda mitengo limatsitsa madzi mwaliwiro pamodzi ndi nthaka yake. Mmodzi wa amayi athu anataya abale pa ngozi imeneyo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumeneko, ndipo ife tinamusiya mpaka atatembenuka yekha.

Michiru nayenso wayamba kudwala nthenda yomweyo. M'zaka zaposachedwapa mitengo yambiri yadulidwa, ndipo m'njira tinadutsa zitsa zatsopano ndi mauvuni a makala, ena akufukabe utsi. Pano ndipamene nkhani imatikhudza ife amayi, pakuti makala amenewo akatsika m'phiri amathera pa mbaula za m'makhitchini a m'tauni. Sindikuloza chala munthu. Magetsi ndi okwera mtengo ndipo amazimazima, gasi si onse angamukwanitse, ndipo ana ayenera kudya nsima madzulo. Wootcha makalayo nayenso ali ndi banja lofuna chakudya. Koma mayi amene waima pakati pa zitsa ndi kuona ndi maso ake sakhalanso chimodzimodzi pogula thumba. Titabwerako, gulu lathu linagwirizana zinthu zing'onozing'ono zimene tingathe: kugula mbaula zadothi zosatha nkhuni zambiri, kuviika nyemba usiku kuti zipse msanga, kuvundikira mphika, ndi kuzima makala otsala m'malo mowasiya anyeke okha. Mvula itayamba, aliyense anabzala mitengo iwiri pakhomo pake kapena kumudzi kwawo. Zimenezi sizingapulumutse phiri lonse, koma zaka zonse zimene tinkangolionera patali sitinachitepo ngakhale chimodzi cha izo.

Tsono kwa inu amene mungafune kuyesa, nawa malangizo ochokera pa zimene taona. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kunja kuli kozizira ndipo njira zauma. Koma tsiku la chiperoni, nkhungu ikaphimba phiri, khalani kunyumba. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo ndipo moto wolusa umabuka m'tchire, pamene m'dzinja miyala imaterera. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa lisanapendeke mukhale mwayamba kutsika. Musapite awiri kapena atatu okha; pitani gulu, ndipo funsani kaye kwa oyang'anira nkhalango kapena atsogoleri a dera la m'munsi kuti akuuzeni njira imene ili bwino masiku amenewo ndi kukupatsani wokuperekezani. Konzekerani kandalama kolipira polowa m'malo otetezedwa ndi kothokozera wokuperekezaniyo. Valani nsapato zofewa zosaterera, osati masilipasi, ndipo aliyense anyamule botolo lake la madzi. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa kuchipatala, ndipo asapite ndi njala. Mapepala ndi mabotolo mubwere nawo. Musathyole nthambi kapena kusonkha moto.

Za abambo kunyumba, ine ndaona kuti chinsinsi ndicho chimabala kukayikirana. Auzeni pasadakhale kumene mukupita, amene mukupita nawo ndi nthawi yobwerera. Konzani za pakhomo dzulo lake, ndipo ana okulirapo aphunzire kugwira mthiko tsiku limodzi. Bambo wina amene poyamba anakwinya nkhope, ulendo wachitatu anatiperekeza yekha mpaka pa siteji, ndipo tsopano akufunsa ngati amuna saloledwa.

Inu a kumudzi mwina mukuti nkhani iyi n'ja anthu a m'tauni, popeza inu mumayenda kale tsiku ndi tsiku. N'zoona, miyendo yanu ndi yolimba kuposa yathu. Koma nanunso muli ndi kaphiri kapena nkhalango ya mudzi imene mumangopitako ndi chingwe ndi nkhwangwa. Sankhani tsiku limodzi mukatha kukolola, mupite ndi ana anu aakazi popanda chotola, muwaphunzitse maina a mitengo imene yatsala, ndi kuwerenga imene inalipo kale koma lero palibe. Zimene mudzapeze mukazikambe pabwalo pamaso pa amfumu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Gulu lathu lagwirizana kuti lizipita kuphiri kamodzi pa miyezi iwiri m'nyengo yachilimwe, ndipo tayamba kusunga padera kandalama ka minibasi m'bokosi lathu kuti wosowa asatsale. Ulendo ukubwerawu titenga ana athu aakazi amene ali ku sekondale, kuti akaone Michiru mitengo ikadalipo. Ngati gulu lanu lili pafupi ndi Blantyre, kambiranani pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mwina tidzakumana m'njira.