Ku Addis Ababa masamba sachititsa manyazi

Mzinda wa Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia, uli pamwamba pa mapiri, mamita opitirira 2,300. Kumazizira ngati kwathu ku Angónia, ndipo masamba amakondwa kwabasi. Mukalowa mumsika waukulu wa Merkato mupeza amayi atayala mitolo ya gomen, masamba ofanana ndi mpiru kapena repu.

Kaphikidwe kake nkotere. Amayamba ndi anyezi wambiri woduladula, kumukazinga mumphika wopanda mafuta mpaka afewe. Kenako amathira mafuta, adyo, jinja ndi tsabola wamuwisi. Masamba amalowa pomalizira ndi timadzi pang'ono, navundikira kuti apse pang'onopang'ono pamoto wochepa. Chidulo kapena nsinjiro mulibe.

Amadyera injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasa cha ufa wa mbewu yotchedwa teff. Onse amazungulira mbale imodzi, kudya ndi dzanja lamanja monga ife pa nsima.

Akhristu a mpingo wa Orthodox amasala nyama, mkaka ndi mazira Lachitatu ndi Lachisanu, komanso masiku 55 Pasaka isanafike. Nthawi imeneyi wolemera ndi wosauka yemwe amadya gomen wa mafuta wamba. Masiku ena amathiramo batala wonunkhira wotchedwa niter kibbeh.

Kuno mlendo akafika timapepesa kuti ndiwo zavuta, tangophika masamba. Tikupepesa chiyani? Mpiru, anyezi ndi adyo zili m'dimba mwathu momwemu. Amayi, yesani kaphikidwe aka, mlendo apempha ina.