Gemu ya pa foni yandiphunzitsa kuona malikisi a ana mwatsopano



Ndiloleni ndiulule chinthu chomwe anzanga a kuntchito akhala akundiseka nacho. Ndine mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno kwa Maseya, m'boma la Chikwawa. Ndili ndi zaka zopitirira 30, ndili pabanja, komabe ndimasewera gemu ya pa foni ngati mwana. Chomwe chimawaseketsa kwambiri n'chakuti malikisi omwe ndimapeza pa gemuyo ndimawalemba ndi kuwasunga, monga momwe ndimasungira a ana anga a m'kalasi.

Zinayamba mu Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa. Madzi anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, makina opangira magetsi anaima, ndipo kwa miyezi yambiri kuzima kwa magetsi kunali kwa tsiku ndi tsiku. Madzulo ankatalika. Mlamu wanga, yemwe anabwera kuchokera ku Blantyre kudzationa, anandiona ndikungoyang'ana kudenga ndipo anandiponyera gemu ina m'foni mwanga. Anati iyi siifuna bandulo, ingofuna batire ndi zala.

Dzina lake ndi Piano Tiles 2, ndipo inatulutsidwa mu 2015 ndi kampani ya ku China ya Cheetah Mobile. Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Pa galasi la foni pamakhala mizere 4, ndipo timabokosi takuda timatsika m'mizereyo motsatira nyimbo. Ukadina kabokosi kakuda, piyano imalira. Ukaphonya kamodzi kapena ukadina poyera, gemu yathera pomwepo. Nyimbo ikafika kumapeto imayambiranso, koma mothamanga kuposa poyamba. Ukachita bwino umapatsidwa nyenyezi mpaka 3, ukapitirira apo umayamba kulandira zisoti zachifumu. Nyimbo zambiri ndi za azungu akale monga Beethoven ndi Pachelbel, zomwe ine sindinazimvepo ngakhale pomwe ndinkachita dipuloma ku Domasi.

Magemu otsata kugunda kwa nyimbo anayamba kale kunjaku. Ku Japan, kampani ya Konami inatulutsa Dance Dance Revolution mu 1998, yomwe munthu amaponda ndi mapazi pa mivi yojambulidwa pansi. Ku America kunabwera Guitar Hero mu 2005, yoseweredwa ndi gitala ya pulasitiki. Kuno tilibe zonsezo, tili ndi zala zathu ndi foni yotchajidwa pa sola. Koma kwa ife okulira m'chigwa cha Shire, omwe tinamva ulimba ukulira tisanadziwe kulemba dzina, kutsata kugunda kwa nyimbo si kwachilendo. N'chifukwa chake gemuyi inandilowa msanga.

Patapita masabata angapo ndinakakamira. Panali nyimbo imodzi yomwe ndinkalephera kuipitirira. Gemu inkandionetsa malikisi apamwamba omwe ndinapezapo pa nyimboyo, koma sinkandiuza chifukwa chomwe ndinkagwera. Apa ndi pomwe umphunzitsi wa masamu unadzuka. Ndinatsegula pulogalamu ya Google Sheets, yomwe ndinkalembamo kale malikisi a mayeso a kumapeto kwa teremu, n'kujambula tebulo la zigawo 5: tsiku, nthawi, nyimbo, malikisi, ndi pomwe ndalakwitsa. Ndikangomaliza kusewera, ndinkalemba, kaya ndachita bwino kaya ndachita manyazi.

Utatha mwezi, tebulolo linayamba kundiuza zinthu zomwe sindinkaziona. Choyamba, pafupifupi nthawi zonse ndinkagwera pa malo amodzi, pomwe timabokosi tiwiri timatsika pamodzi, ndipo wolakwa anali chala chachikulu cha kumanzere chomwe chinkachedwa. Chachiwiri, masana ndinkapeza malikisi otsika kusiyana ndi m'mawa. Amene akudziwa kutentha kwa kuno sangadabwe: zala zimachita thukuta, galasi limaterera, foni nayo imatentha. Chachitatu, ngakhale masiku omwe ndinkadziona ngati sindikupita patsogolo, malikisi anga otsikitsitsa a sabata imeneyo ankaposa apamwamba a mwezi wapitawo. Ndinasiya kusewera chisawawa, n'kuyamba kuphunzitsa chala cha kumanzere. Sipanatenge nthawi, nyimbo ija ndinaidutsa.

Ndisaname kuti zonse zinali zokoma. Manambala aja anafika pondigwira ukapolo. Ndinkati ndisewere kamodzi kokha, mpaka tambala woyamba kulira. Makope a ana ankagona pa tebulo osachongedwa. Usiku wina mayi a kunyumba anadzuka n'kundipeza ndikulemba malikisi ndili m'neti. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, foniyo mukuidziwa pomwe imakugwetsani. Nanga ana a eni ake omwe makope awo ali apowa, mukudziwa pomwe amagwera?"

Sindinayankhe, chifukwa yankho linali lakuti ayi.

M'mawa mwake ndinatsegula matebulo awiri aja n'kuwayerekeza. La gemu linali ndi tsiku, chifukwa, ndi mbiri ya kuyesa kulikonse. La ana, omwe ndi oposa 70 m'kalasi imodzi, linali ndi dzina, malikisi ndi nambala yomwe mwana wakhala basi. Kwa zaka zonsezi ndinkachita kwa ana zomwe gemu inkachita kwa ine: kuwapatsa nambala n'kuwasiya. Mwana akapeza 24 pa 100, ndinkalemba 24 ndi cholembera chofiira, mwina n'kuonjezera mawu omuuza kuti alimbikire. Alimbikire pati? Chala chake cha kumanzere ndi chiti? Sindinkamuuza, poti nanenso sindinkadziwa.

Ana athu ambiri alibe mafoni, ndipo ine sindikanatha kulemba zonse ndekha. Choncho ndinauza aliyense kuti atsegule tsamba lomaliza la kope lake la masamu n'kujambula mizere 4: tsiku, mutu wa phunziro, malikisi, ndi pomwe ndinalakwitsa. Lachisanu lililonse timalemba kamayeso kakafupi, ndipo tikachonga, aliyense amadzaza yekha mzere wake. Lamulo ndi limodzi: sulemba kuti "sindinamve", umalemba sitepe yeniyeni yomwe unasochera.

Poyamba ankaona ngati chilango. Koma pali mtsikana wina, pa nthawiyo ali Fomu 3, yemwe ankakhala kumbuyo ndipo sankakweza dzanja. Atadzaza tsamba lake kwa masabata angapo, anabwera nalo yekha. "Sala," anatero, "ine ndimalakwitsa chinthu chimodzimodzi. Ndikasamutsa nambala kupita mbali ina ya chizindikiro chofananitsa, ndimaiwala kusintha kuphatikiza kukhala kuchotsera." Zinali zoona. Njira ankaidziwa, koma kasitepe kamodzi kameneka kankamudyera malikisi pa funso lililonse la aljebra. Tinakhala mphindi 20 pansi pa mtengo tikukonza chimenechi chokha. Malikisi ake anachoka pa 24 kufika pa 29, kenako 35, kenako 41.

Teremu itatha, bambo ake anabwera ku sukulu nkhope itagwa. Anali ndi lipoti m'manja. "Aphunzitsi, mwanayu chaka chino wakhalanso kumapeto. Ine ndaona kuti sukulu yamukana. Kuli bwino azikathandiza mayi ake kugulitsa pa msika wa Dyeratu." Sindinawadzudzule. Munthu yemwe munda wake unakokoloka mu 2022, n'kukokolokanso ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, amawerengera dzanja lililonse pakhomo. Ndipo lipotilo silinanene bodza: pa nambala, mwanayo anangosuntha pang'ono, chifukwa anzake enanso anali atakwera.

Ndinamutuma mwanayo kuti akatenge kope lake. Ndinawaonetsa bambowo tsamba lomaliza, n'kuwawerengera mzere ndi mzere. Ndinati, "Bambo, inu ndinu mlimi. Chaka chatha mutakolola matumba 4 a mapira, chaka chino 7, kodi mungausiye mundawo chifukwa choti mnansi wanu wakolola 15?" Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana manambala olembedwa ndi dzanja la mwana wawo. Pomaliza anati amusiya apitirize chaka chimodzi, aone.

Pano ali Fomu 4. Sindingalonjeze kuti adzakhoza. Mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, safunsa komwe mwana wachokera. Amangopereka giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 9 ndi kulephera. Mwana wochoka pa 24 kufika pa 41 akadali pa malire, ndipo masamu si phunziro lokhalo lomwe adzalembe. Koma lero akabweza kope amadziwa chomwe akulimbana nacho, ndipo amakweza dzanja. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mwana sangakhulupirire mwambiwu ngati palibe womuonetsa nkhuni zomwe watola kale.

Sindikunena kuti tisiye kuika ana pa manambala. Malo a ku yunivesite ndi ochepa, ndipo mpikisano ulipo, tifune tisafune. Sindikunenanso kuti makolo agulire ana mafoni kuti azisewera magemu. Ine ndemwe ndinaona momwe gemu ingadyere nthawi ya munthu wamkulu, ndipo pano ndinadziikira malire: ndimasewera ndikamaliza kuchonga, kwa theka la ola, kenako foni ikagone. Tebulo langa ndikadalembabe, ndipo chala cha kumanzere chikadandigwetsabe pa nyimbo zothamanga.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo. Aphunzitsi, tikalemba malikisi, tionjezere mzere umodzi wonena pomwe mwana wasochera, kapena timuphunzitse kudzipezera yekha. Tsamba lomaliza la kope silifuna ndalama. Makolo, mwana akabwera ndi lipoti, funso lathu loyamba limakhala lakuti, "Wakhala nambala chani?" Funsani ndithu. Koma musanatenge chikwapu kapena kuganiza zomusiyitsa sukulu, mufunsenso kuti, "Teremu yatha unapeza angati, ndipo chikukuvuta n'chiyani?" Mwina mudzapeza kuti mwana yemwe mumati wakakamira, wakhala akukwera nthawi yonseyi popanda womuona.

Mphunzitsi wa masamu,
Maseya, Chikwawa