Mivi ya Ahadza ku Nyanja ya Eyasi

Kumpoto kwa dziko la Tanzania kuli nyanja yamchere yotchedwa Eyasi. Dziko lozinga nyanjayi nlouma, la milambe ndi minga, ndipo ndiko kwawo kwa Ahadza, anthu ongopitirira pang'ono 1,000. Ena mwa iwo salima, saŵeta. Uta ndilo khasu lawo.

Mlendo akayang'anitsitsa mivi ya mlenje wakumeneko adzaona kuti ndi yosiyanasiyana. Wa gologolo ndi mbalame ulibe chitsulo. Ndi mtengo wosongola chabe, nthaŵi zina wovekedwa chitsononkho kunsongako. Chitsononkhocho chimapha kanyamako pokagunda, osakang'amba, ndiponso chimaletsa muvi kukanirira m'nthambi zam'mwamba. Chitsulo, chimene amasula kuchokera ku misomali, nchosoŵa. Sachiponya mumtengo chifukwa cha ndiwo za mbamu ziŵiri.

Muvi wa ulembe amasungira ngoma, mbidzi ndi nyamalikiti. Nyama ikagwa, amadula mnofu wozungulira balalo nautaya. Nanga pa gologolo mutadula chotere, pangatsale chiyani? Wina mwa ulembe wawo uchokera ku chomera chachibale ndi kombe, amene John Kirk anapeza Amang'anja akupaka kumivi m'chigwa cha Shire paulendo wa David Livingstone.

Mnyamata wachihadza amaphunzira uta pa tinyama tating'ono totere, asanaloledwe kugwira ulembe. Sukulu yake ndi tchire, koma minda ndi ziŵeto za anansi zakhala zikulimeza. Nchifukwa chake mu 2011 Ahadza analandira chikalata cha malo oposa mahekitala 20,000 m'chigwa cha Yaeda, kuti ana awo asasoŵe pophunzirira.