Drum ikakana kuchoka, siyani kaye hamala

Iyi ndi yaitali koma werengani mpaka pansi, makamaka inu onyamula nsomba pa pikapu.

Sabata yatha usipa unagwa bwino, bambo anadzaza mathandala onse. Utauma tinalonga m'matumba, kudikira Land Cruiser yakale ya amalume kuti tipite nawo ku Lilongwe. Koma galimoto ikufika kudoko, tayala lakumbuyo linkalira kweee amalume akaponda buleki. Njira yathu ndi ya Golomoti, kukwera Khwekhwelele. Amene munatsikapo phiri limenelo mukudziwa kuti si malo oyeserapo mabuleki.

Ine ndi changu changa ndinati ndiona ndekha. Tinatchinga matayala akutsogolo ndi miyala, kukweza ndi jeke, n'kuika chipika cholimba pansi pa axle, chifukwa jeke pamchenga si yoidalira. Tayala linachoka bwinobwino. Drum ndiye inakaniratu. Ndinakoka, ndinagwedeza, thukuta kamukamu, mpaka ndinatola hamala yaikulu.

Madala ena okonza mainjini a maboti, amene ankangoonerera, anandigwira mkono. "Mphwanga, handibuleki watsitsa?" Aise, manyazi ake! Inali yokoka. Handibuleki imakanikiza ma shoe omwewo ku drum, ndiye ndinkalimbana ndi chinthu chomwe ndachimanga ndekha.

Titatsitsa, inakanabe. Madala aja anakhala pansi n'kundifunsa, "Bambo ako ukonde ukakodwa pamwala amatani?" Ndinati amabweza bwato m'mbuyo kuti ukonde ukhwefuke, akakoka mwamphamvu ung'ambika. "Basitu, bweza m'mbuyo."

Anandionetsa zinthu ziwiri zimene zimagwira drum. Choyamba, ma shoe akadya drum kwa zaka zambiri amasiya kamlomo m'mphepete, ndipo pokoka kamlomoko kamakola ma shoe. Kuseri kwa mbale yogwira mabuleki kuli kamphira kotseka bowo. Mukachotsa, mumalowetsa sikuludiraiva yaing'ono kukankha kachitsulo kotseka adjuster, ina n'kumazungulitsa kagudumu ka mano mpaka ma shoe abwerere mkati. Drum ikayamba kuzungulira mopepuka, mwalondola. Ikamalimba, mukupotoza mbali yolakwika.

Chachiwiri ndi dzimbiri pakati, pomwe drum imakumana ndi hub. Kwathu kuno galimoto imalowa m'madzi polonga nsomba, ndiye zitsulo zimachita kumatana. Tinathira mafuta osungunula dzimbiri, kudikira, kenako kugogoda pang'onopang'ono pakati pa mabawuti a tayala, osati pa mabawutiwo kapena m'mphepete mwa drum. Pankhope pa drum pali timabowo tiwiri ta mazinga. Tinalowetsamo mabawuti awiri a 8 mm, kumanga ili pang'ono, ilo pang'ono, mosinthana. Tinangomva kuti pha! Drum yasiya.

Zomwe tinapeza mkati, thupi linachita tsembwe. Shoe imodzi inatha mpaka chitsulo, mchenga uli thoo, ndipo wheel cylinder inali yonyowa ndi mafuta a mabuleki. Ndikanapitiriza ndi hamala ija, ndikanathyola timisomali togwira ma shoe, mwinanso kusweka drum, usipa uli m'matumba.

Mukatsegula, gwirani izi. Fumbi la mkatimo musaliuzire ndi pakamwa, ma shoe akale ena ali ndi asbestos yowononga mapapo, pukutani ndi kansalu konyowa. Jambulani ndi foni musanamasule sipuling'i iliyonse. Malizani mbali imodzi musanayambe inayo kuti muzionera. Drum ili kunja, wina asaponde buleki, ma piston amatuluka. Ma shoe sinthani mbali zonse ziwiri, ndipo mukasintha cylinder chotsani mpweya m'mapaipi.

Zonsezi zinatidyera masiku awiri, kudikira zipangizo kuchokera ku Mangochi. Pofika ku Lilongwe anzathu anali atatitsogolera, mtengo utatsika. Ndinkaopa kuwauza bambo ndalama zomwe tapeza. Iwo anawerenga, kuwerenganso, n'kunena kuti, "Usipa ugwanso mawa. Iwe ndikanakutenga kuti wina?"

Pobwerera, tikutsika Khwekhwelele, amalume anaponda buleki pa kona yoyamba, galimoto n'kumvera. Tonse tinangoti zii mpaka Golomoti.

Tumizirani aliyense amene galimoto yake ikulira kumbuyo koma akuti akonza akabwerako.