Mabuku a Star Wars ndi Doctor Who: kuno amawanyoza, ine ndimawasirira

Kuno ku Britain kuli mabuku amene anthu ophunzira amawayang'ana cham'mbali. Ndi aja olembedwa kuchokera ku mafilimu, masewero a pa TV ndi magemu a nkhani zopeka za sayansi, monga Star Wars, Star Trek, Doctor Who ndi Warhammer 40,000. Mayi wina wa m'gulu lathu lowerenga mabuku atamva kuti mnyamata wanga akuwerenga la Star Wars, anandilangiza mwaulemu ndithu kuti ndimupezere mabuku enieni, poti awa ndi malonda chabe a makampani. Sindinawayankhe, koma mawuwo anandiwawa, ndipo akundiwawabe.

Anthu akuno sadziwa mwayi umene ali nawo. Ukalowa m'masitolo ogulitsa zinthu zakale othandiza ovutika, mabuku amenewa ali mbwee pa shelefu, mtengo wake paundi imodzi kapena ziwiri. Kuno ku Nottingham ndi kumene kuli likulu la Games Workshop, eni ake a Warhammer, ndipo ali ndi nthambi yawoyawo yosindikiza mabuku, Black Library. Nkhani imodzi yokha, ya Horus Heresy, inayamba mu 2006 ndi buku la Dan Abnett, n'kupitirira mabuku 60. Nkhani imodzi! Ndimaona amuna akuluakulu a ndevu zawo atakumbatira mabuku okhuthalawa m'basi, maso osaphethira, ena mpaka kupitirira siteji yawo.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena aamuna amene ndimawasamalira kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito usiku. Tulo sawapeza msanga, ndiye timacheza. Anandiuza kuti ana awo anazolowera kuwerenga chifukwa cha timabuku ta Doctor Who ta kampani ya Target, timene tinayamba kutuluka mu 1973. Nthawi imeneyo m'nyumba zambiri munalibe makina a vidiyo, sewero likadutsa pa TV lapita. Wofuna kulionanso ankaligula ngati buku. Terrance Dicks yekha analemba oposa 60. Komanso BBC inafufuta matepi ambiri akale kuti iwagwiritsenso ntchito, moti magawo oposa 90 a seweroli akusowabe. Magawo 9 anakapezeka mu 2013 ku Jos, ku Nigeria, ali m'chipinda chosungira katundu cha siteshoni ya TV. Kwa zaka zambiri, nkhani zofufutidwazo anthu ankazidziwa kudzera m'timabuku tomwe akutinyozati. Seweroli litaimitsidwa mu 1989, mabuku ndiwo anakoleza moto kufikira linabwerera mu 2005, ndipo amene analibwezeretsa, Russell T Davies, anali atalembako limodzi la mabukuwo mu 1996. Buku la Paul Cornell, Human Nature, linasanduka sewero la pa TV mu 2007. Ndiye wina aziti si mabuku enieni?

Sindikunena kuti onse ndi abwino, ayi. Ambiri ndi olembedwa mothamanga, ndipo umachita kumva kuti wolemba wamangidwa manja: sangaphe ngwazi ya nkhaniyo, sangaikwatitse, pomaliza aliyense ayenera kubwerera pamene anali. Koma buku la Timothy Zahn la mu 1991, Heir to the Empire, ndinaliwerenga nditabwereka kwa mwana wangayo, ndipo ndi nkhani yomangidwa bwino. Mdani wake, Thrawn, sakalipa kapena kuopseza. Amaphunzira zojambula ndi zosema za mtundu wa anthu kuti adziwe mmene amaganizira, kenako n'kuwagonjetsa. Munthu wotere sumuiwala.

Chimene chimandinyansa kuno ndi umwini. Disney itagula Lucasfilm mu 2012, inalengeza mu 2014 kuti mabuku onse akale a Star Wars salinso mbali ya nkhani yovomerezeka, n'kuwapatsa dzina loti Legends. Anthu amene anawerenga kwa zaka zoposa 20 anangouzidwa m'mawa umodzi kuti zonsezo sizinachitike. Kenako kampani yomweyo inatola Thrawn n'kumuika m'masewero ake atsopano. Kwathu ndani angaimirire n'kunena kuti Kalulu wa agogo a ku Ntchisi ndiye wovomerezeka, wa ku Mulanje wathetsedwa? Ngakhale anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa amathira zawo momasuka, ndipo mu vidiyo sho anthu amaseka mpaka misozi popanda wofunsa chilolezo ku America. Pamenepo ndimanyadira kwathu.

Koma nsanje ndiye ndili nayo, ndisakubisireni. Ife TV yathu inayamba mu 1999, tinakulira pa wailesi. Ndikakumbukira mmene tinkaunjikana kumvera Kapalepale kapena Pamajiga, ndimadzifunsa kuti mwana wanga ndingamupatse chiyani m'manja choti awadziwire anthu a m'masewero amenewo. Akanakhala akuno, bwenzi pali shelefu yonse. Bwenzi pali buku la ubwana wa Manganya, lina la Izeki ndi Jakobo ali ku Joni. Ife nkhani zathu timaziseka, timazikonda, kenako zimapita ndi mphepo. Olemba tili nawo, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba anatilembera mabuku a Chichewa okoma, ndipo Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Chimene tikusowa ndi msika woti mwana akakonda nkhani, apeze ina, ndi inanso, mpaka kuwerenga kumulowe m'magazi.

Mwana wangayo tinabwera naye kuno Chingerezi chake chili chopunduka, anzake kusukulu ankamuseka kalankhulidwe. Ine ndimaweruka m'mawa iye akunyamuka, ndikamadzuka iye akubwera, ndipo ndalama zonse zimathera lendi, ma viza ndi kutumiza kumudzi. Nthawi yokhala naye pansi n'kumawerenga ndinalibe, zimandipweteka mumtima. Anadzitolera yekha buku la Star Wars chifukwa nkhope za pachikuto ankazidziwa kale. Lero aphunzitsi ake akuti ali m'gulu la owerenga bwino m'kalasi. Koma Chichewa chikumuthawa. Agogo ake akaimba foni amangoti "ndili bwino, kaya inu", basi, n'kundipatsira foniyo. Pakanakhala buku la zombo za m'mlengalenga m'chinenero chathu, lokhala ndi anthu a mayina ngati Chisomo ndi Nabanda, ndikudziwa akanalimbana nalo mpaka kulimaliza.

Choncho mabuku ake sindimulanda. Wamaliza atatu a Zahn, tsopano akufuna a Doctor Who. Inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene mukudziwa komwe kukupezeka Azotus the Kingdom mundiuze, pali mlamu wanga akubwera kuno mu Disembala, angathe kunditengera.