Phokoso la Kompyuta ndi Kutentha kwa ku Chigwa

Aliyense amene adakhalapo ku Bangula m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala adziŵa kuti kutentha kwa kuno si nkhambakamwa. Masana kumapyola madigiri 40, ndipo usiku malata amakhala akulavulabe moto umene amwa tsiku lonse. Anthufe timathaŵira pansi pa mitengo, ng'ombe zimatsikira ku Shire, koma makina alibe kothaŵira. Moyo wawo uli pa kamphepo kamene amadzikupizira okha.

M'nyumba mwathu muli kompyuta yakale, ya bokosi lalikulu. Ndimalemberapo mayeso oyeserera a Sitandade 8 ndi nkhani za misonkhano ya akulu a mpingo. Ntchitoyi ndimaigwira usiku, popeza masana ndimakhala m'kalasi. Chaka chatha kompyutayo idayamba kulira ngati chigayo. Inu mudziŵa kuchepa kwa nyumba za aphunzitsi. Mwana wathu wokonzekera mayeso a Fomu 4 ankaŵerenga atatseka makutu, ndipo mayi wake ankasoŵa tulo. Padatsala njira ziŵiri: kusiya ntchito ya usiku, kapena kupeza chimene chinkaliracho.

Safunsa adadya phula. Ndidaitana mnyamata wina amene ndidamphunzitsa kale, amene tsopano ndi mmisiri wa mawayilesi ndi matelefoni pamsika. Atatchera khutu kumbuyo kwa kompyutayo adati, "Aphunzitsi, makina anuŵa ndi amoyo. Chatopa ndi fani ya mu power supply."

Power supply ndi kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimaloŵamo. Ntchito yake ndi kusandutsa mavolti 230 a pakhoma kuti akhale mavolti 12, 5 ndi 3.3, amene ziŵalo za m'kati zimagwiritsa ntchito. Posandutsapo pamatuluka kutentha, ndipo fani ndiyo imakuchotsa. Mafani ambiri otsika mtengo amazungulira pa kamphete kothiridwa mafuta. M'dziko lotentha mafutawo sachedwa kuuma, kamphete kamaperepeseka, fani n'kuyamba kugwedera. Fumbi la kuno nalo limamatirira pa mapiko ake, mbali ina n'kulemera kuposa inzake. Phokoso lija lidali kulira kwa chinthu chimene chidatsala pang'ono kuima, ndipo fani ikaima, kabokosi konse kamapsa, mwina pamodzi ndi zolembedwa za zaka zambiri.

Pano ndifuna kulankhula ndi inu achinyamata, amene manja anu amayabwa mukaona chinthu chomasuka. M'kabokosika muli tizitini totchedwa makapasita, timene timasunga mphamvu yopitirira mavolti 300, ndipo tikhoza kuisungabe chingwe chitazulidwa pakhoma. Mphamvu yotere imapha. Mmisiri uja adazula chingwe, nadikira, nayeza ndi mita yake, ndipo adagwira m'katimo atatsimikiza kuti mwatheratu mphamvu. Ngati mulibe mita ndi mphunzitsi woima pambali panu, chivundikirocho musachitsekule.

Nkhani imene idandiphunzitsa zambiri idali ya kusankha fani yatsopano. Ine ndinkafuna bata, ndipo nditapita ku Limbe ndidaona mafani olembedwa kuti ndi osasokosa konse. Ndidamuimbira mmisiriyo ndili m'sitolo momwemo. Iye adati, "Bambo, fani imakhala chete chifukwa ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo yozungulira pang'onopang'ono imakankha mphepo yochepa. Kumaiko ozizira zimenezo n'zokwanira. Kwathu kuno mphepo imene ikuloŵayo ndi yotentha kale." Adaonjeza kuti amisiri ali ndi lamulo lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umachepa ndi theka. Walira mvula walira matope: wofuna bata lopitirira muyeso adzagula kabokosi katsopano chaka chisanathe.

Choncho tidatsata zolembedwa pa kapepala komatidwa pa fani yakale. Tidagula ya msinkhu womwewo, mamilimita 120, ya mavolti 12, ndi mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi yakaleyo. Tidasankha yozungulira pa timipira tachitsulo, tonga timene tili m'gudumu la njinga ya kabaza. Fani yotere imamveka pang'ono kuposa ya kamphete ikakhala yatsopano, koma imapirira kutentha, ndiponso siperepeseka msanga ikaikidwa chogona monga zikhalira m'timabokosi timeneti.

Kuikako sikudatenge ola. Adapukuta fumbi lonse, naotcherera waya wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, nakulunga bwino polumikizapo. Adasamala kuti mbali ya kapepala iyang'ane m'kati, pakuti mphepo imatulukira mbali imeneyo. Fani yoikidwa chagada imazungulira ndithu, koma siziziritsa moyenera. Atayatsa adaika dzanja kumbuyo kwa bokosi kuti amve mphepo yofunda ikutuluka. Phokoso silidathe lonse ayi. Lidatsala longa mpweya wa munthu wogona, ndipo ine ndimakondwa kulimva, chifukwa limandiuza kuti fani ikugwira ntchito.

Kwa makolo anzanga a ku Nsanje ndi Chikwawa ndinena izi. Kompyuta musaiike pansi, pamene fumbi limasonkhana, kapena kuipanikiza kukhoma. Nsalu yoiphimbira muziichotsa musanayatse. Nyengo yotentha isanafike, ipititseni kwa wodziŵa kuti akaipukute. Kulira kwake kukasintha musazengereze, chifukwa fani ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zimene imateteza. Ndipo ngati muli ndi mwana, wamwamuna kapena wamkazi, wokonda kufunsa za m'kati mwa makina, musamuthamangitse. Mperekezeni kwa mmisiri wokhulupirika akaphunzire kuyeza asanagwire. Chigwa chathu chikusoŵa manja otere.