Phwando la Nyengo ya Cisanu

Aliyense amene anapitako ku sukulu anaonapo cithunzi ca Khrisimasi wa Azungu: kanyumba kokutidwa ndi cipale cofewa, mtengo wosongoka wobvekedwa nyali, ndi nkhalamba ya ndebvu zoyera itakwera pa cileyi. Ife ana a kwa Zingalume tinali kuyang'ana zithunzi zotere thukuta liri kamukamu, kunja mvula iri kugunda ca ku malire a Mozambique. Tinali kuyesa kuti phwando leni-leni ndi la kumeneko, ndi kuti lathu la matope ndi longotsanzira.

Mwana wa mlongo wanga, amene agwira nchito ya unamwino ku England, anatenga ana ace kukaona dziko la m'zithunzilo. Anapita ku Rovaniemi, mzinda wa ku Lapland kumpoto kwa Finland, kumene sitima ya usiku yocokera ku Helsinki imafika patapita maola ngati 12. Ulendo wa December anayamba kuukonza mu March. Anandilembera kuti, "Atsibweni, kuno munthu sangodzuka ndi kunyamuka monga mucitira popita ku Chipata. Malo ogona amatha miyezi ikali yambiri, ndipo mwana wopanda zobvala zosanjikiza, nsapato zaubweya ndi zobvala m'manja, zala zace zikhoza kufa ndi cisanu." Sanali kukokomeza ai. Kumeneko kuzizira kumatsika madigiri 20 kapena kuposa pansi pa pamene madzi amaundana, ndipo pakati pa December dzuwa limangosuzumira maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Ngakhale kuwala kobiriwira kwa kuthambo kumene alendo amalipirira ndalama zambiri kuti akakuone, sikubwera mocita kuitana. Mitambo ikaphimba, mlendo abwerera osakuona.

Za nkhalamba ya ndebvu ija ndinene pang'ono cabe, pakuti ndi malonda. Mzinda wa Rovaniemi unatenthedwa ndi asilikali a Germany mu 1944. Mu 1950 kunafika mlendo wolemekezeka, Eleanor Roosevelt wa ku America, ndipo anamumangira kanyumba ka mitengo pa mzere wochedwa Arctic Circle, makilomita 8 kumpoto kwa mzinda. Pa malo omwewo ndi pamene mu 1985 anatsegula mudzi wa Santa Claus. Motero mudzi umene ana a dziko lonse amauyesa wakale-kale ndi wamng'ono kwa ufulu wa Zambia ndi zaka 21.

Cimene cinandigwira mtima ndi funso lina: nanga anthu a kumpoto anasankhiranji mwezi wa mdima kukhala wa madyerero? Buku Lopatulika silichula tsiku limene Ambuye anabadwa. Tsiku la 25 December lipezeka m'zolembedwa za ku Roma za caka ca 336. Anthu a kumpoto kwa Ulaya anali ndi phwando lao la pakati pa cisanu Uthenga Wabwino usanawafike, ndipo dzina limene a ku Finland achula nalo Khrisimasi, Joulu, ndi la phwando lakalelo. Cifukwa cace mlimi aliyense angacimve. Pa nyengo imeneyo zokolola ziri m'nkhokwe, ziweto zakupha zaphedwa, nthaka yauma gwa ngati mwala kotero kuti khasu silingalowe, ndipo usiku ndi wautali. Kuli cakudya, kulibe nchito ya kumunda, ndipo anthu afuna kukhala pamodzi pa moto.

Tsono tafunsani: kodi nyengo yotere kwathu kuno ndi iti? Ife tiri kumwera kwa Equator, ndipo dziko likapendekera dzuwa mbali imodzi, mbali inzace imazizira. Pamene a ku Finland ali mu mdima, ife dzuwa liri pa liwombo. Nyengo yathu yofanana ndi yao iyamba mu June ndi kufika mu August.

Amene anakulira ku Chadiza aidziwa bwino nyengoyi. M'mawa nkhungu imagona m'madambo, madzi a pa citsime amaluma zala, ndipo caka cina cisanu cimapsereza masamba a m'madimba. Ana amakhala cogwada pa khonde kuothera dzuwa, miyendo iri mbuu. Koma cimanga ciri m'nkhokwe, nshawa ziri pa thandala, kandolo ali m'phulusa, ndipo wogulitsa fodya kapena thonje ali ndi ndalama m'thumba. Anyamata atentha chire ndi kukumba mbewa. Amai amereka cimera ca thobwa ndi ca mowa. Madzulo moto usonkhedwa, agogo ayamba nthano, zimene masana sizinenedwa. Makolo athu sanalakwe poika zinthu zao zazikulu m'miyezi yotsata masika: cinamwali, maukwati, kukumbukira akufa, ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamchula mu 2005 kuti ndi cuma ca anthu onse a pa dziko. Ndipo pa Loweruka lotsiriza la August Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Boma la atsamunda linaletsa mwambo wa Kulambawu mu 1934, ndipo unaukanso mu 1984.

Yerekezani ndi December. Sindikana kuti mwezi umenewu uli ndi zokoma zace: mango apsa, bowa amera, inswa zituluka, ndipo nyimbo za m'chalichi usiku wa Khrisimasi zimatsitsimutsa mtima. Tsiku la kubadwa kwa Ambuye liyenera kusungidwa, ndipo kwathu lisungidwa ndi mpunga ndi nkhuku monga mwa mphamvu ya banja. Koma December ndiye mwezi umene mlimi apikisana ndi udzu. Wocedwa kupalira sabata imodzi adzaona cimanga cace cacita cikasu. Feteleza afunika, yunifomu ndi makope a mu January adikira, ndipo m'nkhokwe zambiri dzanja layamba kukhudza pansi. Pa nyengo yomweyo ndi pamene basi imatsitsa abale ocokera ku Lusaka ndi ku migodi, bambo, mai ndi ana asanu, atanyamula shuga, buledi ndi wailesi yaphokoso.

Mwini mudzi sangadandaule, pakuti mlendo ndi mame. Apha nkhuku yotsala, kenaka mbuzi imene anasungira matenda. Khasu ligona masiku anai, cifukwa ndi camanyazi kusiya mlendo yekha pa khonde. Ndinaona ndi maso anga pa Khrisimasi wa 2024, caka cimene boma linalengeza pa 29 February kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse: mai wina wa m'mudzi mwathu anasinjitsa thini yace yotsiriza ya cimanga kuti adzukulu a m'tauni asaone njala, ndipo alendo atapita, iye anayamba kuyenda m'minda ya eni kufuna ganyu, munda wace uli thengo. Ana ace sanali oipa mtima. Anangotsata kalendala ya dziko lina.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu, ambiri mudzapita kukagwira nchito kutali, ndipo mudzafuna kubwera kwanu mwaulemu. Kwa ine, cophunzira kwa mwana wa mlongo wanga si ulendo wa ku Finland, umene ndi ocepa angaukwanitse, koma kukonzeratu kwace ndi kulemekeza nyengo ya dziko limene apitako. Mu November ndi December tumizani ndalama za mbeu, za feteleza ndi za olima ganyu. Masiku ano zimafika pa lamya tsiku lomwelo. Ngati mtima ukana kukhala kutali pa Khrisimasi, bwerani ndi thumba lanu la ufa, ndipo m'mawa mutenge khasu. Koma chuthi canu cacikulu cipempheni msanga kwa akulu a pa nchito kuti cigwe mu July kapena August. Ana a sukulu amatsekera mu August, miseu ya fumbi imakhala youma, mitsinje imaoloka, ndipo mowa ukhoza kufulidwa popanda kulanda nsima m'kamwa mwa ana.

Lemberani amalume anu mwezi wa May kuti adziwe tsiku, asunge mbuzi ndi kumereka cimera. Mwana aliyense abwere ndi bulangeti lace ndi juzi, cifukwa ana a m'tauni amayesa kuti kumudzi kulibe cisanu, ndipo usiku woyamba amalira. Wofuna kukafika ku Mkaika apangane ndi mwini galimoto pakali nthawi, pakuti sabata imeneyo galimoto iriyonse yopita ku Katete imadzaza, ndipo ambiri amagona panja m'misasa ya udzu, mphepo ya m'bandakuca iri kuwomba.